Mmisiri ndi Galimoto Yoyera

Kumpoto kwa dziko la Italy kuli mzinda waukulu dzina lake Milan, ndipo pafupi ndi mzindawo pali mzinda wina wocheperapo wotchedwa Monza. Ku Monza kuli bwalo la mpikisano wa magalimoto limene linamangidwa m'chaka cha 1922 pakati pa mitengo ikuluikulu. Bwalolo silifanana ndi la mpira ayi. Ndi msewu wa phula wozungulira, wotalika pafupifupi makilomita 6, wobwerera pomwe unayambira, ndipo magalimoto amathamangitsana m'menemo kufikira ina itapambana.

Tsiku lina Lamulungu, zaka zoposa 60 zapitazo, munthu wina wogwira ntchito m'fakitale anatenga mwana wake wamwamuna wa zaka 12 napita naye ku bwaloko. Analibe ndalama zolipirira mipando yabwino, choncho anaima pa udzu pafupi ndi mpanda, pamalo pamene msewu umakhota. Mwanayo anayembekeza kuona magalimoto aafupi ndi ofiira onga amene ankaona pa zithunzi. Koma chimene chinatulukira pokhota paja chinali galimoto yoyera mbee, ya zitseko zinayi, yooneka ngati bokosi, yonga imene dokotala wa kwawo ankayendera odwala. Mwanayo anafuna kuseka. Asanatsegule pakamwa galimoto ija inapendekeka, nilira kulira kwaukali, nipitirira inzake iwiri, nizimiririka m'mitengo. Pambali pake anangoonapo chithunzi cha tsamba lobiriwira la magawo anayi. Atate wake anawerama namuuza m'khutu kuti, "Iyo ndi Giulia TI Super, mwana wanga. Imapangidwa kwathu konkuno." Mwanayo sanayankhe. Anagwira waya wa mpanda ndi manja awiri nadikira kuti ibwerenso.

Mpofunika kuti wowerenga aidziwe galimoto imeneyi, pakuti nkhani yonse yatsamira pa iyo. Kampani ya Alfa Romeo inayamba ku Milan m'chaka cha 1910. Mu 1962 inatulutsa galimoto yatsopano yoyendera banja, dzina lake Giulia, ndipo inaionetsa kwa anthu ku Monza komweko. Mtundu woyamba unatchedwa Giulia TI. Ngakhale inkaoneka ngati bokosi, amisiri anali ataiyesa m'chipinda chouziramo mphepo yamphamvu, naikonza m'ngodya zake zonse kuti mphepo isaikanize poyenda. Injini yake inali ya aluminiyamu, chitsulo chopepuka chonga cha mapoto, ndipo inali ndi magiya asanu pamene magalimoto ambiri a nthawi imeneyo anali ndi atatu kapena anayi. Amalonda anaikonda, madokotala anaikonda, ndipo apolisi a ku Italy anaigwiritsa ntchito zaka zambiri pothamangitsa mbala.

Tsono mipikisano ya magalimoto ili pawiri. Ina ndi ya magalimoto opangidwira liwiro lokha, amene munthu sangapite nawo ku msika. Ina ndi ya magalimoto onga oyenda mu msewu masiku onse. Pa mpikisano wachiwiriwu lamulo linkati kampani iyenera kupanga magalimoto ambiri ndithu a mtundu umodzi ndi kuwagulitsa kwa anthu, kuti isabwere ndi imodzi yokha yokonzedwa mwamseri. Ndicho chifukwa chake mu 1963 Alfa Romeo inatenga Giulia TI niichotsa zolemera, niionjezera mphamvu, niitcha TI Super. Anapanga 501 basi, m'zaka za 1963 ndi 1964. Onse anali oyera kupatula awiri, imodzi yofiira ndi ina yotuwa. Giulia wamba inkalemera makilogalamu 1,000, koma TI Super inkalemera 910. Kusiyana kwake kungotsala pang'ono kufika matumba awiri a chimanga. Mphamvu ya injini amaiyesa poifanizira ndi akavalo: ya Giulia wamba inali ya akavalo 92, ya TI Super 112, ndipo inkatha kuthamanga makilomita 185 pa ola limodzi. Ulemerero wake sunakhalitse. Mu 1965 kunabwera ina ya zitseko ziwiri yotchedwa GTA, yopepuka koposa, nilanda malo ake pa mipikisano.

Mwana uja anakula naphunzira ntchito yowongola malata a magalimoto ophwanyika. Anagwira ntchitoyo zaka zoposa 40 m'kagalaja ka kuseri kwa nyumba yake, m'mudzi wina wa m'chigwa cha kumwera kwa Milan, kumene nkhungu imaphimba minda m'nyengo yachisanu. Anakwatira, nabala ana, naona adzukulu. Anthu a m'midzi yozungulira ankati akawongola chitseko, ngakhale mwini wake sangaloze pamene panali chilonda. Koma ntchito ya manja siimalemeretsa munthu kawirikawiri. Ali mnyamata TI Super inali yodula kwa iye chifukwa inali yatsopano. Atakalamba inali yodula koposa chifukwa inali yakale. Yambiri mwa 501 ija inaphwanyika pa mipikisano, ina inadyedwa ndi dzimbiri, ndipo yotsalayo inagwa m'manja mwa anthu achuma amene amasunga magalimoto akale monga ena amasungira ng'ombe.

Atapuma pa ntchito anaganiza kuti chimene sangathe kugula angathe kupanga. Ku Ulaya kuli anthu ambiri ochita zotere. Amatenga galimoto wamba ya mtundu womwewo naisintha pang'onopang'ono kufikira itafanana ndi yotchuka ija m'maonekedwe, m'kulira ndi m'kayendedwe. Galimoto yotere imatchedwa chifaniziro. Lamulo sililetsa, malinga mwini wake asanene kuti ndi yeniyeni.

Anafunafuna miyezi yambiri, ndipo potsiriza anapeza Giulia TI m'nkhokwe ya mlimi wina. Inakhala m'menemo zaka zosawerengeka. Matayala anali ataphwa, mpando wakutsogolo utadyedwa ndi makoswe, ndipo nkhuku zinkaikira mazira kumbuyo. Ataikoka kufika nayo kwawo mkazi wake anatuluka, naizungulira kamodzi, nati, "Bambo, ndalama zathu zija mwagulira khola la nkhuku? Bwenzi mutabwera nazo nkhukuzo." Mmisiriyo anaseka, koma amene anakondwa koposa anali mdzukulu wake, mnyamata wa zaka 14, amene anali atalowa kale m'kati nagwira chiwongolero.

Chaka choyamba chonse chinathera pa dzimbiri. Munthu wosadziwa angaganize kuti kupanga galimoto ya liwiro kumayambira pa injini, koma si choncho. Injini yamphamvu m'thupi lovunda ili ngati denga la malata pa nsichi zodyedwa ndi chiswe. Anayamba ndi kutulutsa zonse, injini, mipando, magalasi ndi mawaya, kufikira kunatsala chigoba chokha. Pamenepo mmisiriyo anapatsa mdzukulu wake kamaginito namuuza kuti akayendetse pa thupi lonse la galimoto. Pamene pali chitsulo maginito amamatirira. Pamene wina anamata phala lobisira mabowo amagwa. Anagwa malo ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pansi pa utoto wosalala anapezamo nyuzi zakale ndi waya wa khola, zimene wina anatsekera bowo kalekale napakapo utoto kuti agulitse msanga.

Malo oopsa pa Giulia ndi mitanda iwiri ya m'munsi mwa zitseko, imene imagwira kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto pamodzi. Mtanda uliwonse uli ndi malata atatu, lakunja, lapakati ndi lam'kati, ndipo madzi akalowa pakati pake amadya mwakachetechete. Mnyamata anatenga chodulira nafuna kudula tsiku lomwelo, koma agogo ake anamgwira dzanja. "Iwe, ukadula pamenepo tsopano galimoto ipindika pakati, ndipo zitseko sizidzatsekekanso mpaka kalekale." Anayamba awotcherera mipiringidzo m'kati mopingasa kuti chigoba chisasunthe, ndipo atatero anadula mbali imodzi yokha, naimaliza, nayamba inzake. Malata ena anagula opangidwa kale, pakuti kuli makampani amene amapangabe ziwalo za magalimoto akale. Ena mmisiriyo anaumba yekha ndi nyundo pa chipika. Powotcherera sankathamanga. Ankaika kadontho apa, nadumpha, naika kena patali, nadikira kuti pazizire, chifukwa lata lopyapyala likatentha kwambiri limakwinyika ngati chikopa pa moto. Mnyamatayo anaononga malata ambiri asanaphunzire kudekha kumeneko, ndipo chipsera cha moto chili pa mkono wake mpaka lero.

Chimene chinadabwitsa mnyamatayo ndi chakuti mbali yaikulu ya ntchito inali kuchotsa, osati kuika. Anapala phula lonse limene kampani inamata pansi kuti phokoso lisalowe. Anachotsa chotenthetsera m'kati, zotsamira mikono za pa zitseko, ndi timbale ta phulusa la fodya. Anachotsa ngakhale chitseko cha kabokosi kosungiramo mapepala kamene kali patsogolo pa wokwera, pakuti TI Super inalibe. Magalasi a zitseko zakumbuyo anasinthanitsa ndi pulasitiki yoonekera. Giulia TI ili ndi nyali zinayi kutsogolo. Anachotsa ziwiri zam'kati naikapo waya wa sefa kuti mphepo izilowa. Mpando wautali wakutsogolo unatuluka, ndipo m'malo mwake munalowa mipando iwiri yakuya imene imagwira munthu m'nthiti kuti asatayike pokhota. Ndodo ya magiya, imene inali pa chiwongolero, anaisamutsira pansi. Mnyamata ankayesa chilichonse chotuluka pa sikelo yoyesera tirigu, nalemba kulemera kwake ndi choko pa khoma la galaja. Mkazi wa mmisiri ataona mulu wa zochotsedwazo anafunsa ngati potsiriza padzatsala kanthu koti munthu nkukwera.

Injini anaitsegula yonse, naika mapisitoni atsopano, nasalaza njira zimene mpweya umadzera. Koma mtima wa ntchito unali pa makabuleta. Kabuleta ndi chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Magalimoto a masiku ano alibe, pakuti kompyuta ndiyo imagawa mafuta. Giulia wamba inali ndi kabuleta imodzi. TI Super inali ndi ziwiri zikuluzikulu zotchedwa Weber 45, zopangidwa ku Bologna, iliyonse ya makosi awiri, kotero kuti silinda iliyonse mwa zinayi inali ndi khosi lakelake. Oyamba amene anagula kwa munthu wina pa intaneti anafika imodzi ili ndi mng'alu wobisika ndi utoto, ndipo wogulitsayo sanayankhenso makalata. Ndalama zimenezo zinapita. Anadikira miyezi isanu ndi itatu asanapeze ena.

Makosi anayiwo ayenera kumeza mpweya wofanana, apo ayi injini imatsokomola ndi kunjenjemera. Kuli zida zoyesera zimenezi, koma mmisiriyo anachita monga ankachitira akale. Anatenga kapaipi ka labala, naika mbali imodzi m'khutu mwake, ina pakamwa pa khosi loyamba, namvera kulira kwa mpweya. Nasamukira pa lachiwiri, napotoza kasikuluwu pang'ono, namveranso. Anachita zimenezi madzulo atatu. Makutu ake anali atagontha pang'ono ndi nyundo za zaka 40, choncho potsiriza anapatsa mdzukulu wake kapaipiko. Mnyamatayo anamvera nthawi yaitali, nati, "Agogo, lachitatu likulira mopyapyala." Agogo anapotoza. Injini inakhazikika, ndipo kapu ya madzi imene anaika pamwamba pake inaleka kugwedezeka. Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo sanamutchenso mwana pa nkhani za ntchito.

Za mawilo nzachidule. A TI Super anali a Campagnolo, opangidwa ndi chitsulo chopepuka chotchedwa maginiziyamu, chimene chikakalamba chimang'aluka mosaoneka. Mmisiriyo anakana akale nagula atsopano a aluminiyamu ofanana nawo maonekedwe. Anati khosi la mdzukulu wake ndi lofunika koposa kufanana.

M'chaka chachinayi anapaka utoto woyera, ndipo chinatsala ndi tsamba lija. Tsambalo anthu a ku Italy amalitcha quadrifoglio. Ndi la kaudzu kamene kamakhala ndi masamba a magawo atatu, ndipo wopeza la magawo anayi amati wapeza mwayi. M'chaka cha 1923 woyendetsa wina wa Alfa Romeo, dzina lake Ugo Sivocci, anajambula tsambali pa galimoto yake napambana mpikisano wotchuka wa Targa Florio pa chilumba cha Sicily. Patapita miyezi yowerengeka, chaka chomwecho, anafa ku Monza poyesa galimoto ina imene inalibe tsambalo. Kuyambira pamenepo magalimoto a mpikisano a kampaniyo akhala akunyamula chizindikirochi, ndipo TI Super ndiyo inali yoyamba mwa ogulitsidwa kwa anthu kuchivala. Mmisiriyo anamata masamba awiri, limodzi mbali iyi lina mbali iyo, nabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, nakhala pansi pa chitini osanena kanthu.

Mbiri ya galimotoyo inamveka, ndipo tsiku lina kunabwera mlendo wovala bwino, wogulitsa magalimoto akale. Anaizungulira kawiri, nagwada, nayang'ana pansi ndi tochi, nayendetsa chala m'mphepete mwa zitseko. Atadzuka anati, "Bambo, ndaona zifaniziro zambiri, koma ntchito yotere sindinaione. Pali chinthu chimodzi chokha chimene chikusowa." Anapita ku galimoto yake nabwera ndi kathumba, natulutsamo mapepala akale achikasu ndi kachidutswa ka lata kosaposa chikhatho cha munthu.

Galimoto iliyonse ili ndi nambala yakeyake, monga munthu ali ndi dzina. Pa Giulia nambalayo inadindidwa pa khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi okwera, ndipo palinso nambala ya mtundu: Giulia TI yonga ya mmisiriyo ndi 105.14, TI Super ndi 105.16. Ogula magalimoto akale sayang'ana utoto poyamba, amayang'ana nambala. Kachidutswa ka mlendoyo kanadulidwa pa TI Super yeniyeni imene inaphwanyika kalekale nitayidwa. Kanatsala ndi nambala yokha pamodzi ndi mapepala ake. Mlendoyo anafuna kuti mmisiriyo adule nambala ya galimoto yake ndi kuwotcherera kachidutswako m'malo mwake, mosalala, kuti msoko usaoneke. Akatero galimotoyo idzagulidwa pa mtengo woposa wa chifaniziro kangapo konse, ndipo adzagawana. "Ndi amisiri ochepa angathe kubisa msoko umenewo," anatero. "Inu mungathe. Ndipo palibe amene alakwiridwa. Wogula adzapeza galimoto yabwino koposa zenizeni zambiri." Anasiya kathumbako pa benchi nati adzabweranso Lachisanu.

Kusintha nambala ya galimoto ndi mlandu ku Italy monga m'maiko ena onse, ndipo mmisiriyo ankadziwa. Koma kunena kuti anakana pomwepo kungakhale kumunamizira ubwino umene analibe tsiku limenelo. Ndalama zimene anasunga pa ukalamba wake zinali zitalowa m'galimotoyo. Denga la galaja linkadontha. Koposa zonse, mdzukulu wake anali atamaliza sukulu ndipo ankafuna kukaphunzira uinjiniya ku Milan, koma atate a mnyamatayo anali atachotsedwa ntchito. Mkazi wake, amene anaseka khola la nkhuku lija, sananene kanthu pa chakudya chamadzulo, ndipo kukhala chete kwakeko kunamulemera koposa mawu. Usiku, onse atagona, anapita ku galaja, nayatsa nyali, natsegula boneti, naika kachidutswa kaja pamwamba pa nambala yake. Kanakwana bwinobwino. Anaona m'maganizo mwake pamene angadule, ndi mmene angasalazire msoko ndi tupa, ndi utoto umene angapake kuti paoneke pakale. Mawu a mlendo aja akuti ndi amisiri ochepa angathe anamukoma, ndipo anachita manyazi pozindikira kuti akumukoma koposa ndalama. Anachita zimenezi usiku wachiwiri ndi wachitatu.

M'mawa mwa Lachinayi mnyamata anampeza ali chikhalire pa chitini, kachidutswa kali m'manja. Mkuluyo anamufotokozera zonse osabisa, ndi za sukulu zomwe. Mnyamatayo anayang'ana khoma limene analembapo makilogalamu ndi choko zaka zinayi, nayang'ana chipsera cha pa mkono wake, nafunsa kuti, "Agogo, tikawotcherera kachitsuloka, munthu akadzafunsa kuti galimoto iyi anaipanga ndani, tidzati chiyani?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma yankho linali limodzi lokha: adzati inapangidwa ku fakitale mu 1964. Mitanda ija ya malata atatu, madzulo aja a kapaipi m'khutu, zonse adzayenera kuzikana mpaka imfa, ndipo mnyamatayo adzayenera kuzikana atafa iye. Ntchito yabwino koposa zonse za moyo wake idzakhala yabwino pokhapokha wina aliyense asadziwe kuti ndi yake. Anakumbukiranso munthu uja anatseka bowo ndi nyuzi napakapo utoto, ndi mmene iye mwini anamutukwanira pamene maginito anagwa. Anabwezera kachidutswako m'thumba namanga pakamwa pake.

Lachisanu mlendo anabwera, naonjezera mtengo kawiri, napsa mtima pang'ono, nachoka ndi kathumba kake. Nkutheka kuti anapeza mmisiri wina. Kachidutswa kotere sikasowa mwini.

Sabata yotsatira mkuluyo analemba kalata ku Arese. Kumeneko, kufupi ndi Milan, kunali fakitale yaikulu ya Alfa Romeo imene inaleka kupanga magalimoto zaka zapitazo, koma kudakali nyumba yosungiramo magalimoto akale a kampaniyo ndi mabuku olembamo nambala zawo. Munthu akatumiza nambala amamuuza mtundu wa galimoto yake, tsiku limene inapangidwa, ndi utoto umene inatuluka nawo. Yankho linafika lonena zimene ankadziwa kale: Giulia TI wamba, mtundu 105.14, yotuwa. Anaika pepalalo m'thumba la pulasitiki naligoneka m'kabokosi kopanda chitseko kaja, pamene aliyense wosuzumira pa zenera angaliwerenge.

Ndalama sizinagwe kuchokera kumwamba. Mkuluyo anatsegulanso galaja nayamba kuwongola zitseko za anthu monga kale, ngakhale msana unkamupweteka. Mnyamata anachedwa chaka chathunthu asanapite ku Milan, ndipo atapita ankagwira ntchito m'galaja ina Loweruka lililonse kuti alipire chipinda. Denga lija anangolimata. Galimoto inadikira chaka china isanapeze matayala ndi mabuleki oyenera.

Ku Monza kumakhala masiku amene eni magalimoto akale amaloledwa kulowa m'bwalo. Pa tsiku lotere, chaka chachisanu ndi chimodzi chiyambire ntchito, anafika m'mamawa naimika galimoto yawo pakati pa inzake. Anthu anaunjikana. Bambo wina wonyamula kamtsikana pa phewa anafunsa kuti, "Kodi ndi yeniyeni?" Mnyamata anayankha msanga, "Iyayi, bambo. Tinaipanga ine ndi agogo anga." Munthu wina wachikulire wodziwa magalimoto amenewa anawerenga pepala lija, nagogoda wilo ndi chala, nati, "Awa si a Campagnolo." Mmisiriyo anavomera, ndipo awiriwo anatsutsana za mawilo ndi mipando theka la ola mokondwa, ngati anthu odziwana kalekale.

Nthawi yolowa m'bwalo itakwana mnyamata anatsegulira agogo ake chitseko cha woyendetsa. Mkuluyo anapukusa mutu namupatsa makiyi. "Pita iwe. Usaikakamize injini isanatenthe, ndipo pokhota usachite mantha ikapendekeka, ndi mmene imayendera." Mnyamata anadabwa nati, "Agogo, zaka zonsezi, ndiye musakwere?" Koma mkuluyo anali atayamba kale kuyenda.

Anadutsa m'mitengo pang'onopang'ono kufikira pamalo pamene msewu umakhota. Mpanda unali wina, wautali ndi wolimba koposa wakale, ndipo udzu uja unali utachepa. Anaima pamenepo. Magalimoto ofiira anadutsa, ndi obiriwira, ndi ena amene sanawasamale. Kenaka anamva kulira kumene ankakudziwa, makosi anayi akumeza mpweya pamodzi, ndipo galimoto yoyera ya zitseko zinayi inatulukira, nipendekeka, nionetsa tsamba lake, nizimiririka. Mnyamata anasintha giya mochedwa pang'ono, ndipo mkuluyo anasunga mawuwo kuti akamuuze madzulo. Anagwira waya wa mpanda ndi manja awiri nadikira kuti ibwerenso.